Galu wa Kamkwamba ndi nyanja imene sitinailembebe

Pali mtundu wina wa zolemba umene azungu amaukonda kwabasi, ndipo masiku ano, chifukwa cha intaneti, wafika m'mafoni mwathu. Mlembi amakhala kumudzi, kutali ndi phokoso la m'tauni. M'mawa amatenga galu wake n'kukayenda m'thengo kapena m'mbali mwa mtsinje, akuyang'ana mbalame zimene zabwera sabata imeneyo ndi mitengo imene yayamba kuphukira. Akabwerako amakhala pa tebulo, poti mkonzi akudikira nkhani isanakwane faifi koloko. Ndiye amalemba zomwezo basi: galu, mbalame, mvula, ndi kuthamanga kwa mtima dedilaini ikayandikira. Mulibe wofa, mulibe banja lotha, mulibe mfiti. Koma anthu amawerenga ndithu, chaka ndi chaka, osatopa.

Ife a kuno ku Salima tili nazo zonse zimene mlembi wotere angafune. Nyanja ndi iyi, agalu ndi awa mbwee, ndipo amene timalembako tinkhani ta m'nyuzi timadziwa mmene mutu umatenthera tsiku lotumiza likafika pepala lili mbee. Nanga n'chifukwa chiyani zolemba zotere n'zosowa chonchi m'Chichewa? Maganizo anga ndi akuti tikuzifuna zolemba zimenezi, ndipo tikuzifuna msanga, koma tikangokopera mmene amalembera anzathu akunjawo tidzalemba bodza. Njira yoona anationetsa kale ndi mnyamata wina wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, polemba za galu wake Khamba.

Tiyambe n'kuwapatsa ulemu wawo eni mtundu umenewu. Gogo wawo ndi Gilbert White, m'busa wa mpingo m'mudzi wa Selborne ku England, amene buku lake lonena za chilengedwe cha m'mudzimo linatuluka mu 1789 ndipo likusindikizidwabe mpaka lero. Bambo ameneyu sanapite kutali. Ankangoyang'ana zimene zinali pakhomo pake, tsiku ndi tsiku, n'kumalembera makalata anzake awiri. Chifukwa chomvetsera bwino, anazindikira kuti timbalame tina timene anthu ankati ndi mtundu umodzi tinali mitundu itatu, ndipo chimene chinamuuza ndi kusiyana kwa kayimbidwe kake. Analembanso za ntchito imene nyongolotsi zimagwira m'nthaka pa nthawi imene alimi ambiri ankangozinyansidwa. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyuzipepala ya The Guardian nayo yakhala ndi kadanga kotchedwa Country Diary kwa zaka zoposa 100, kamene anthu okhala m'madera akumidzi amalembamo mwachidule zimene aona. Ubwino wa zolemba zimenezi ndi wakuti chinthu chimaonedwa mmene chilili. Mbalame imakhala mbalame, yokhala ndi dzina lake, nthawi yake yobwera ndi chakudya chake.

Koma pali chimene zolembazi sizikonda kutchula, ndicho ndalama. Henry David Thoreau, amene anakhala m'kanyumba m'mbali mwa dziwe la Walden ku America kuyambira 1845 mpaka 1847 n'kulemba buku lotchuka lija la mu 1854, anamanga kanyumbako pa malo a mnzake wopeza bwino, Ralph Waldo Emerson, ndipo tauni ya Concord inali pafupi moti ankapitako kawirikawiri. Virginia Woolf, amene ankayenda ndi galu wake m'zitunda za ku Sussex, ndi yekhayo amene ananena mosabisa mu 1929 kuti mkazi wofuna kulemba ayenera kukhala ndi chipinda chakechake ndi mapaundi 500 pachaka. Kuyenda ndi galu m'mawa popanda kumene ukupita ndi ntchito ya munthu amene akudziwa kuti nkhomaliro ilipo. Mlembi wa ku Senga Bay akalemba ngati kuti iyenso ali pa mtendere wotere, owerenga a kwawo adzangoti, aaa, bwana awa akukhala Malawi wake uti?

Tsopano tibwere kwathu. Si kuti zolemba zathu mulibe nyama kapena thengo. Zadzaza. Vuto ndi ntchito imene timazipatsa. M'nthano zathu Kalulu ndi nzeru, Fisi ndi dyera, Kamba ndi kufatsa. Palibe agogo amene anatikhazikapo pansi kuti atiuze zimene kalulu weniweni amadya m'chilimwe. M'buku la John Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe muli mbalame yosaiwalika, koma mbalameyo ndi mboni ya mlandu wakupha, ndipo ilipo kuti choipa chisabisike. Sindikunyoza ayi. Nthano zimenezi zinatilera, ndipo zikugwira bwino ntchito imene zinabadwira. Ndikungoti chizolowezi chimenechi chinatilowerera mpaka tinayamba kuona ngati nyama yopanda phunziro pamsana ilibe malo m'buku.

Ndipo dedilaini imene ikulamulira zolemba za Chichewa inalimbikitsa chizolowezicho kuyambira pachiyambi penipeni. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara limene linatuluka mu 1933, linapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nkhani yake ikutsata munthu kuchokera kubadwa, kudutsa unyamata wa mphulupulu, mpaka kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Ndi buku lalikulu ndithu, ndipo ana athu akuliwerengabe pokonzekera mayeso a MSCE. Koma taonani amene akhala akudikira zolemba zathu kuseri kwa tebulo kuyambira nthawi imeneyo: mmishoni, woweruza mpikisano, wosankha mabuku a sukulu, wolemba mayeso. Onsewa funso lawo ndi limodzi: nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani? Mwana amene wayankha funso limeneli zaka zinayi ku sekondale, akadzayamba kulemba yekha, dzanja lake limathamangira phunziro maso asanaone kanthu. N'chifukwa chake nkhani zambiri za m'masamba a Chichewa a nyuzi zathu, nyanja ikapezekamo, imangokhala malo okakumanirako chibwenzi chobisa kapena omiramo munthu wosamvera makolo.

Alembi athu a m'Chingerezi a nthawi ya Kamuzu nawo anali ndi chifukwa chawo chomveka. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la mu 1968 litakhazikitsidwa, kutchula chinthu ndi dzina lake kunali kudziitanira Special Branch. Ndiye chilengedwe chinasanduka chophimba kumaso. Jack Mapanje, mwana wa kunyanja wobadwira kwa Kadango ku Mangochi mu 1944, anasankha bilimankhwe pa mutu wa buku lake la mu 1981, Of Chameleons and Gods, ndipo ngakhale anabisa chonchi anamutsekerabe ku Mikuyu kuyambira Seputembala 1987 mpaka Meyi 1991. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu a ku Zomba amati chimagumula phiri, n'kulankhulira momwemo za dziko. Akuluakulu amenewa tiwavulire chipewa. Komabe zindikirani kuti, kaya ndi m'nthano, kaya ndi m'ndakatulo zozemba boma, nyama imakhala ikuyimira chinthu china. Chodabwitsa n'chakuti pamene Mapanje anayang'anitsitsa mbalame zenizeni, tsiku ndi tsiku, munali m'ndende, timbalame tija tinapereka dzina ku buku lake la mu 1993, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Mkaidi ndiye anali ndi nthawi yoyang'ana imene mfulu analibe.

Apa ndi pamene Khamba akulowera. Buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba analemba ndi mtolankhani wa ku America Bryan Mealer mu 2009, aliyense amalidziwa ngati nkhani ya makina a mphepo amene mnyamata wosiyira sukulu panjira anapanga ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Ambiri amene amalitchula pa misonkhano ya achinyamata amathera pomwepo, poti phunziro lake n'loonekeratu: limbikira, udzapambana. Ine ndikuti masamba olembedwa bwino kwambiri m'bukumo ndi onena za galu.

Khamba anali galu wa Uncle Socrates, wachibale wa William, ndipo mwini wake atabwera naye kumudzi galuyo anadzisankhira yekha mbuye watsopano. William sakunamizira kuti anamulandira ndi manja awiri. Akuvomera kuti pamaso pa anzake ankamuthamangitsa ndi kumunyoza, poti kwathu kuno mnyamata wooneka kuti akukonda galu amasekedwa. Ndani wa ife sakuzidziwa zimenezi? Mawu oti galu timatukwanira. Koma awiriwa akakhala okha m'thengo, kotchera mbalame ndi msampha wa mphira wa chubu cha njinga, chikondi chimaonekera m'zochita, osati m'mawu. Uku ndiye kuyenda ndi galu kwa Chimalawi: palibe chingwe m'khosi, palibe kuyenda kongowongola miyendo, ulendo uli ndi cholinga ndipo cholingacho ndi ndiwo.

Kenako inafika njala ya 2001 ndi 2002, ija inabwera chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, anthu n'kumagona pa mizere ya ku ADMARC, ena n'kumadya gaga. Banja la a Kamkwamba linafika podya kamodzi patsiku. Galu wa kumudzi amadya makombo, ndiye makombo akasowa galu adye chiyani? Bukuli likutionetsa Khamba akuwonda pang'onopang'ono, nthiti zikuwerengeka, akulephera ngakhale kuthamangitsa ntchentche. Pomaliza William, mothandizidwa ndi m'bale wake wamkulupo, akumutengera kuthengo n'kumumangirira ku mtengo, n'kuchokapo. Atabwererako anapeza atafa.

Taganizirani bwino zimene zachitika pamenepa. M'buku lonse, nthawi imene galu wa Chimalawi akumangidwa chingwe ndi pa ulendo wake womaliza. Ndipo palibe phunziro limene mungachotsepo. Simunganene kuti William analakwa, poti alongo ake nawo anali ndi njala. Simunganenenso kuti anachita bwino, poti iye mwini sakudzikhululukira. Khamba sakuyimira Malawi, sakuyimira kukhulupirika, sakuyimira chilichonse. Ndi galu mmodzi, wa dzina lake, amene tinamuona ali wamphamvu ndipo tamuona akutha. Chifukwa chakuti wolemba anamuyang'ana galuyo payekha, njala ya chaka chimenecho timaimva m'mafupa kuposa mmene lipoti lililonse lingatimvetsere. Uku ndi kudekha kuja kwa Gilbert White, koma kochitikira pa nthaka imene nkhomaliro si yotsimikizika.

Bukuli lili ndi chilema chake, ndipo tisachibise. Linalembedwera owerenga a ku America, choncho limaima kawirikawiri kuti lifotokoze zimene mwana aliyense wa ku Kasungu akudziwa: nsima n'chiyani, ganyu n'chiyani, dambo n'chiyani. Mawu a William timawamva kudzera m'khutu la Mealer. Filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019 inayesetsa kubwezeretsa Chichewa m'kamwa mwa anthu a m'nkhaniyo, ndipo galu alimo, koma mtima wa filimu uli pa bambo ndi mwana ndi makina aja. Ndiye tatsala ndi chinthu chowawa: masamba abwino kwambiri onena za Mmalawi ndi galu wake ali m'chiyankhulo chimene galuyo sanaitanidwepo nacho.

Tsono tiyeni tibwere nawo muyeso wa Khamba kuno ku gombe la Salima, tione zimene mlembi woyenda ndi galu angakumane nazo atati alembe zoona. Kuchokera m'tauni ya Salima kukafika ku Senga Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Akafika pa mchenga, chinthu choyamba chimene galu wake angamuphunzitse ndi chakuti gombe lili ndi eni. Apa mpanda wa loji, apo nyumba yopumulirako ya bwana wa ku Lilongwe imene imatsegulidwa pa Khirisimasi ndi pa Isitala, mkati mwake muli galu wina wonenepa amene chakudya chake chimagulidwa m'sitolo. Patsogolo pang'ono pali doko, matandala a usipa ali ndandanda, ndipo galu akangoyandikira mwala ukumutsata, poti usipa umenewo ndi fizi ya mwana wa munthu. Mayi amene wakoka mwana wake galu akamadutsa sakuchita mwano. Chiwewe chimapha, ndipo si pachabe kuti bungwe la Mission Rabies linayamba katemera wa agalu wa khomo ndi khomo ku Blantyre mu 2015. Ulendo umodzi wa m'mawa, usanathe ndi ola lomwe, wakufotokozera kale za malo, za chuma ndi za matenda, iwe osakwera pa nsanja kulalikira. Ngakhale dzina la galu limalankhula. Pambali pa a Bingo ndi a Taiga, midzi yathu ili ndi mwambo wotcha galu dzina loponyera mawu mnansi, kuti ukamaitana galu madzulo uthenga uzifika kuseri kwa mpanda. Mlembi amene angafunse eni agalu a m'mudzi umodzi chifukwa cha dzina lililonse atuluka ndi mbiri ya mikangano ya mudziwo.

Nanga chilengedwe chenichenicho? Tengani msangu, mtengo umene wadzaza m'minda ya m'chigwa chino. Mitengo ina yonse ikamavala masamba m'dzinja, msangu umavula, ndipo inzake ikayoyola m'chilimwe iwo ndiye umabiriwira. N'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake: sichiphimbidwa ndi mthunzi nthawi yokula, ndipo masamba ogwawo ndi manyowa. Mlimi aliyense wa kuno akudziwa zimenezi, koma ndi nkhani zingati za Chichewa zimene mwawerengamo msangu? Timangolemba kuti "pansi pa mtengo wina". Tengani mphepo. Msodzi sanena kuti kunja kuli mphepo. Amati mwera, uja wochokera kum'mwera m'miyezi yozizira, umene umautsa mafunde mpaka mabwato kugona pamtunda. Amati mpoto, amati vuma, amati zambwe, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake ndi nsomba zake. Tengani nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi n'kuima pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa, moti mlendo amafunsa kuti kodi madzi akupsa. Tengani ng'azi za pa chilumba cha Namalenje, kulira kwa nkhwazi m'mawa, mvuu za m'matamanda a m'mbali mwa nyanja. Zonsezi zili m'kamwa mwa anthu. Papepala ndiye pali mbee.

Ndipo dedilaini, ija timaiona ngati chinthu cha m'maofesi a nyuzi ku Blantyre, nyanja ili nayo yakeyake, yolimba kuposa ya mkonzi. Asodzi a usipa amagwira ntchito usiku wamdima, siginala ali pa bwato ndi nyali zake kuitana nsomba kuti chilimira chizungulire. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikokanso nsomba, ndipo doko limapuma. Ndiye kalendala ya pa doko ndi mwezi wakumwamba, ndipo ngongole, malonda a mandasi, ngakhale phokoso la m'mabala zimatsata pomwepo. Nyali zimene kale zinali za parafini tsopano zambiri ndi za mabatire. Kusintha kumeneku kwachitika ife tikuona, koma analemba ndani tsiku limene kuwala kwa pa nyanja kunasintha mtundu?

Dedilaini yaikulu kuposa zonse ili ku Mbenji, chilumba cha m'dera la Mfumu Makanjira kuno ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pa chilumbachi m'nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti utaka uswane. Nthawi yotseka ikakwana aliyense amachoka, ndipo potsegulira pamakhala mwambo. Pa chilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo akazi saloledwa kufikapo, lamulo limene mlembi woona mtima angafunike kulifunsa mafunso ngakhale akuyamikira zipatso za dongosolo lonselo. Akatswiri a zausodzi ochokera kutali amabwera kudzaphunzira za Mbenji n'kukalemba m'Chingerezi. Ife eni ake, amene tingathe kukhala pa gombe la Chikombe sabata yotseka n'kumva zimene asodzi akukambirana pomanga katundu, tili duu kulemba za mtsikana wotengeka ndi shuga dadi kachikwi.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: zonsezi n'zabwino, koma adzalipira ndani? Mlembi wa Chichewa ndi mphunzitsi, ndi nesi, ndi wogulitsa mayunitsi, amalemba usiku magetsi akakhalapo. Ngakhale kuno kumene kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, amene anatsegulidwa mu 2021, foni imathabe moto nkhani ili pakati. Masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe ndi ochepa, ndipo mkonzi amafuna zimene akudziwa kuti anthu awerenga. Zoona zonsezi. Koma taonani kuti mwa mitundu yonse ya zolemba, uwu ndi umene ukugwirizana kwambiri ndi umphawi wathu wa nthawi. Buku la nkhani yaitali limafuna miyezi ya bata imene ambiri tilibe. Kadanga ka zimene waona sabata ino kamafuna mawu 300 kapena 400, ndipo kafukufuku wake ndi ulendo umene umayenda kale, wa kumunda, wa kudoko, wa kuchigayo, galu ali pambuyo. Apa dedilaini imasanduka bwenzi, chifukwa imakukakamiza kuyang'ana ngakhale sabata imene ukuona ngati palibe chachitika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Masabata 52 a tizidutswa totere ndi buku, ndipo zaka 10 ndi mbiri ya gombe imene palibe ofesi ingaisunge.

Ena adzati iyi ndi nkhani ya anthu okhuta, dziko lili pa mavuto a fetereza ndi mafuta inu mukuti tizilemba za agalu. Yankho langa ndi Khamba yemweyo. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo galu wowonda sawonda pachabe. Amene wayang'anitsitsa galu wa pakhomo m'mwezi wa Febuluwale walemba kale za mtengo wa chimanga. Amene walemba sabata ndi sabata pamene madzi afika pa tsinde la mtengo wakutiwakuti walemba za kusintha kwa nyengo mopambana chikalata cha pa semina. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'maloji ndi m'nyumba za m'mphepete, kuno ku Senga Bay ngakhalenso ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Zithunzi zinazungulira pa WhatsApp sabata zingapo, kenako zinakwiririka. Pakanakhala munthu mmodzi yekha wolemba m'Chichewa Loweruka lililonse kuti lero madzi adutsa pati, bango lamira mpaka pati, ng'ona zaoneka kuti, asodzi akukocheza kuti, bwenzi mdzukulu wathu ali ndi poyambira madzi akadzabweranso.

Chimene ndikupempha kwa alembi anzanga ndi zinthu zitatu zosavuta kunena koma zovuta kuchita. Choyamba, tchulani dzina. Osati nsomba chabe, koma utaka, mcheni, kampango, mpasa, bombe. Osati mbalame chabe, koma kakowa, nantchengwa, namzeze. Dzina limene simukulidziwa kafunseni agogo a pa doko, poti mawu amenewa akapanda kulembedwa apita nawo kumanda, ndipo ana athu adzatsala ndi mawu amodzi oti mphepo pamene makolo awo anali ndi anayi. Chachiwiri, musachotse munthu ndi thumba lake pa chithunzi. Mpanda wa loji, mtengo wa ndowa ya usipa, mwala woponyera galu, zonsezi ndi chilengedwe cha gombe lino mofanana ndi nkhwazi. Chachitatu, chimene chingatipweteke kwambiri ife ana a silabasi: ndime yomaliza ija imayamba ndi mawu oti "nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti", ifafanizeni. Kamkwamba sanatiuze choti tiphunzire pa imfa ya Khamba, n'chifukwa chake patha zaka zonsezi galuyo akutitsatabe.

Kwa akonzi a masamba a Chichewa, ndi kwa a Malawi Writers Union amene amakonza mipikisano, pempho ndi laling'ono. Patulani kangodya kamodzi, kapena gawo limodzi la mpikisano, la zolemba zoona za malo amodzi, zopanda chiwembu, zopanda chilango kwa wochimwa. Mudzadabwa amene adzatumize. Mwina sadzakhala ife odzitcha alembi. Mwina adzakhala siginala wodziwa kulemba pa foni, kapena mphunzitsi wa ku Lifuwu amene amadutsa m'minda ya mpunga m'mawa uliwonse, kapena mayi wa pa thandala amene amadziwa kuchokera ku fungo la mphepo kuti usipa wa lero uuma kapena uwola. Anthu amenewa kuyang'ana anayamba kale. Chimene sanauzidwepo ndi chakuti zimene amaonazo n'zoyenera kulembedwa, m'chiyankhulo chomwecho chimene amaitanira agalu awo.